Ndinapita kukaphunzira kuwotcherera, anandipatsa khasu

Lachisanu lapitali, nthawi ili 9:40 m'mawa, sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja kuno ku Pretoria inandiuza kuti sindilowa nawo mayeso a kuwotcherera zitsulo. Chifukwa chake? Akuti masiku amene ndagwira makina ndi osakwana. Amene akunena zimenezi ndi anthu omwewo amene anandichotsa pa makina n'kundipatsa khasu. M'maso muli gwa.

Dzina la sukulu sindilitchula pano. Amene mumakwera takisi zopita kumadzulo kwa tauni mukuidziwa. Ndi ija ya kapinga wobiriwira, maluwa ofiira mbali zonse za geti, miyala yopaka laimu. Mukamadutsa mumati koma sukulu iyi ndi yaukhondo. Zikomo kwambiri. Ndi ntchito ya manja anga imeneyo.

Ndiyambe pachiyambi kuti amene simundidziwa mumve bwino.

Ndine Lyson, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndagwira gadeni ku Irene zaka khumi ndi chimodzi, nyumba imodzi, madamu mmodzi. Ntchitoyo sindikuinyoza, yaphunzitsa ana anga awiri. Koma munthu ukafika zaka 43 maondo amayamba kukuuza zoona. Kutchalitchi kwathu kuli bambo ena, a Nkhoma, obadwira ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a ku Dedza. Ali ndi shedi ku Winterveld komwe amapanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Masiku a tchuthi ndinkapita kukawathandiza kudula ndi kugwirizira zitsulo, kenako anayamba kundisiyira makina, mpaka dzanja linazolowera. Chaka chino anapeza ntchito yaikulu, mageti a nyumba zatsopano pa esiteti ina ku Centurion. Koma eni esitetiyo anaika lamulo loti aliyense wogwira makina owotcherera pamalopo akhale ndi pepala la sukulu.

"A Lyson, dzanja muli nalo," anatero a Nkhoma tikutuluka m'tchalitchi. "Chikusowa ndi pepala basi. Kalipezeni. Malo ndikusungirani mpaka mayeso atadutsa, ndipo kuseri kwa shedi kuli chipinda choti muzigonamo."

Ndiye ndinalembetsa kalasi ya Loweruka. Kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko, Maloweruka 24. Lamulo lawo anatiuza tsiku loyamba: wophunzira aliyense ali ndi buku lake, aphunzitsi amasaina tsamba limodzi Loweruka lililonse, ndipo kuti ulowe mayeso pafunika masamba 20 osonyeza kuti unali m'wekishopu. Ndinati zosavuta izi. Ine sindijomba ngakhale maliro a munthu wosamudziwa.

Pa chikwangwani chawo pali chithunzi cha munthu akumwetulira, moto ukuthetheka, makina onyezimira ali m'mizere. Ndikufunabe kudziwa kuti chithunzicho anakajambulira dziko liti.

M'wekishopu yeniyeniyo muli timakola tisanu ndi titatu towotchereramo. Makina oyaka anali awiri. Ophunzira tinalipo 14. Pa maola asanu ndi awiri munthu unkagwira makina mwina mphindi 40, nthawi yotsalayo unkaphunzira misana ya anzako. Denga limadontha pamwamba penipeni pa bokosi la magetsi, ndiye pansi pake anaikapo ndowa ya penti. Ndowa imeneyo ndiye wantchito wokhulupirika kuposa onse pasukulupo, sinachedwepo ndipo sinapitepo ku mitingi. Fani yotulutsira utsi inasiya kuzungulira kalekale, nkhunda zinamangamo chisa, ndipo zinaswa kawiri ine ndikuona. Zigoba zotchingira kumaso zinalipo zitatu, chimodzi galasi lake losweka lomata ndi tepi. Tsiku limene chinandigwera ine, m'mawa mwake ndinadzuka maso ali ngati athiramo mchenga, kutchalitchi sindinapite.

Ndinawafunsa aphunzitsi athu, bambo aatali okonda kutafuna machesi, kuti nanga makina asanu ndi limodzi enawa akudwala chiyani. Anati sukulu ikudikira kotesheni. Ndinafunsa kuti kuyambira liti. Anati iwo atayamba ntchito anaipeza ikudikiridwa kale.

Ndinapirira. Ndinati ine ndabwerera pepala, za denga ndi za eni ake.

Loweruka la nambala 12, cha m'ma 9 koloko, makina achiwiri aja anatulutsa fungo la matayala opsa n'kuzima. Tinatsala ndi amodzi. Tsiku lomwelo mkulu wa sukulu analowa m'wekishopu, koyamba chiyambire kalasi yathu. Bambo onenepa bwino, suti yabuluu, akuyenda monyang'ama kuopa kudetsa nsapato. Anati tili ndi nkhani yabwino. Anati kukubwera alendo oyendera masukulu, choncho sukulu yayamba ntchito yaikulu yokonzanso malo. Tinaomba m'manja. Ife tinkaganiza za makina.

Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Ndani pano ndi Mmalawi?"

Mumve bwino funsolo. Sanafunse kuti ndani amadziwa za maluwa. Sanafunse kuti ndani ali ndi nthawi. Anafunsa mtundu. Ndipo ine, mwana wa mayi anga, ndinakweza dzanja.

"Aa, Malawi," anatero akundigwira paphewa. "Anthu abwino inu. Simuba, simukana ntchito, ndipo maluwa amakumverani. Tangotiyang'anirako pabwalopo, lero lokha. Ukuona makina ndi amodzi, ungokhala pa mzere pachabe."

Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha, ndipo ndikuvomera. Kwathu munthu wamkulu akakupempha chinthu pagulu sumukana anthu akuona. Umavomera, kenako umakam'peza pambali n'kumuuza nkhawa yako mwaulemu. Ndinachita momwemo. Nthawi yoweruka ndinawatsatira ku galimoto yawo, ndinavula chipewa, ndinati bwana, nanga buku langa lija?

"Usade nkhawa, Malawi. Zimene ukuchitazi ndi maphunziro omwewo. Tsamba lako lizisainidwa ngati la wina aliyense, ndipo mayeso ulowa."

Ndinathokoza. Mabuku ankakhala m'kabati ya aphunzitsi, ankasaina okha tikapita. Loweruka lililonse ndinkafunsa kuti aphunzitsi, mwasaina? Iwo ankati ndasaina. Kunena kuti tandionetsani ndinkaona ngati ndikuwatcha abodza. Ndiye sindinapemphe kuona ngakhale kamodzi.

Tsiku lija anapemphanso mtsikana wina wa ku Mamelodi, mnzathu wa m'kalasi, kuti akathandize kupaka penti. Mtsikanayo sanadzuke n'komwe pamene anakhala. Anati iye anabwerera kuwotcherera, penti akapake okha. Mumtima ndinati mwana uyu sanalangidwe. Lachitatu likubwerali iye akulowa mayeso. Ine wolangidwa bwinone ndili pano kukulemberani pa foni.

Lero lokha lija linatenga Maloweruka 13.

Pabwalo pamene mukupaonapo panali zidutswa za njerwa, mabotolo ndi udzu wofika m'chiuno. Ndinakumba. Ndinatuta miyala ndi wilibala ya tayala lophwa. Kapinga ndinachita kupempha kwa madamu ku Irene, wodula m'mbali mwa njira, n'kumunyamula m'matumba pa takisi anthu akunditukwana kuti ndikuwadetsa. Maluwa ofiira aja ndi nthambi zimene ndinaduladula ndekha n'kuzimeretsa m'mabotolo kuseri kwa chipinda changa. Paipi ya madzi inali yophulika, ndinaikonza. Njira yochokera pa geti ndinayala njerwa. Miyala ndinapaka laimu. Pomaliza anandipatsa penti yabuluu kuti ndipake wekishopu. Kunja kokha. M'kati anati alendo sayang'ana makoma.

Nthawi yomweyo zinthu zinkabwera ndithu. Chikwangwani chatsopano chinabwera. Mipando yachikopa ya polandirira alendo inabwera. Denga latsopano linabweranso, malata onyezimira, akatswiri atatu ndi makwerero awo. Ndinasangalala, ndinati ndowa ija yapuma. Denga limenelo analimanga poimika galimoto ya mkulu wa sukulu. Galimoto siyenera kunyowa. Bokosi la magetsi lingathe kupirira.

Loweruka lililonse ndinkati bwana, sabata yamawa ndibwerere ku makina. Iwo ankati ukangomaliza apa, Malawi, kwatsala pang'ono. Kunena zoona, inenso ndinkadzitonthoza. Ndinkasuzumira pa windo, ndikuona anthu 13 atazungulira makina amodzi ngati ana pa mpopi, ndinkati sindikutaya zambiri, kuwotcherera ndikuphunzira kwa a Nkhoma, pano ndikungofuna tsamba.

Alendo anabwera Lachinayi lina. Anandiuza kuti ndibwere, ndipo ndinachita kupempha tsiku kwa madamu. Ndinafika 6:45. Nthawi ili 7 koloko pikapu inalowa pa geti itanyamula makina owotcherera asanu ndi limodzi, oyera ngati sanagwirepo ntchito. Ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi. Ndinati Mulungu wamva. Nditayandikira ndinaona kuti makina aliwonse ali ndi nambala ya sitolo yobwereketsa zipangizo, ndipo aphunzitsi athu anali kalikiliki kumata tepi yakuda pa manambalawo. Makina akufa aja anawakokera kuseri kwa zimbudzi n'kuwafunditsa lona. Nkhunda zinathamangitsidwa. Ndowa inabisidwa. Mvula nayo inawachitira chifundo, sinagwe.

Ophunzira asanu anawaveka maovolosi atsopano. Ine anati ndikhale ndi zovala zanga za gadeni, ndigwire paipi, ndipo wina akandifunsa ndisalankhule zambiri.

Alendowo anali atatu. M'wekishopu anakhalamo mphindi 12, ndinawerenga pa foni. Makina sanayatsidwe ngakhale amodzi, chifukwa mawaya a m'menemo sangapirire makina asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Aphunzitsi anawauza kuti lero ndi tsiku lophunzira za chitetezo. Alendo anagwedeza mitu, analemba. Potuluka, mayi mmodzi mwa iwo anaima pa maluwa, anajambula, n'kufunsa kuti amasamalira ndani.

"Tili ndi munthu wathu wa gadeni," anatero mkulu wa sukulu. "Mmalawi. Olimbikira kwambiri anthu amenewa."

Ndinali pamenepo, paipi ili m'manja. Mayiyo anandiyang'ana. Pakamwa panga panali potsegula, mawu analipo. Ndinamwetulira n'kupereka moni. Nthawi ili 4:10 pikapu inabweranso ndipo makina onse anakwera. Loweruka lotsatira ndowa inabwerera pa ntchito, ine ndinabwerera pabwalo, akuti kapinga watsopano amafuna munthu womudziwa.

Tsopano mumve chimene ndinali nditaika pachiswe, chifukwa eni sukuluwa akuganiza kuti angondichedwetsa chabe.

Ife Amalawi a ku Joni ntchito sititaya pansi, timasiyirana. Ukamachoka pa nyumba yabwino suchoka ngati waba, umabweretsa wako. Mwezi wathawu ndinauza madamu kuti ndikupita. Anadandaula, kenako anafunsa funso limene onse amafunsa, lakuti kodi ukudziwa wina wonga iwe? Ndinaimbira alamu anga a Fanuel, amuna a mlongo wanga, amene akhala zaka zitatu akundipempha kuti ndiwaganizire. Anagulitsa mbuzi zawo zonse ndi njinga. Anakhala masiku atatu m'basi. Ndinawaphunzitsa masabata awiri: galu uti amaluma, pampu ya dziwe losambira imafuna kuigogoda pati, madamu sapatsidwa moni asanamwe khofi. Ku ofesi ya esiteti ya ku Irene, komwe kuli nyumba ya madamu, anafufuta chala changa pa makina a pa geti n'kuika chawo. Lamulo la kumeneko ndi lakuti pa nyumba iliyonse pamagona wantchito mmodzi, koma madamu anandipemphera kuti ndizigona pansi m'chipinda cha alamu mpaka mayeso. Chipinda chimene ndakhalamo zaka khumi ndi chimodzi.

Ndinachita zonsezi mtima uli m'malo. Buku likusainidwa, dzanja lilipo, malo akundidikira. Chikanalakwika n'chiyani?

Lachisanu ndinapita kukatenga kalata yolowera mayeso. Pa windo la ofesi analemba kuti amatsegula 8 koloko. Ndinafika 8:10, potseka. Mayi wa mu ofesimo anafika 9:05 atanyamula jumbo ya magwinya, mandasi a kuno aja. Anandiona. Anakhala pansi, anadya awiri, anaimba foni, anaseka, anatsegula windo 9:25.

Ndinatchula dzina langa. Anafufuza, anati palibe. Ndinatchulanso pang'onopang'ono. Anandiyang'anitsitsa.

"Oho, ndiwe Malawi wa maluwa. Kodi ndiwe wophunzira?"

Miyezi isanu ndi umodzi ndikumupatsa moni mayi ameneyu.

Anatulutsa buku langa pansi pa mulu. Anayamba kuwerenga masamba ndi chala chamafuta, ndipo madontho ake alipobe. Anafika pa 11 n'kuima. Anati masamba 11, pafunika 20, sulowa.

"Amayi, tawerenganinso. Ine sindinajombepo ngakhale Loweruka limodzi."

Anatembenuza bukulo n'kulikankhira kwa ine. Aka kanali koyamba kuliona m'kati. Masamba onse 24 anali osainidwa, pamenepo sananame. Pa masamba 11 oyamba analemba kuti kuwotcherera. Pa 13 otsalawo analemba kuti kusamalira malo. Tsamba ndi tsamba, zilembo zokongola, chidindo pansi.

"Woyesa mayeso amachokera kunja, baba. Amawerenga masamba a m'wekishopu okha. Eish, sore."

Kenako anaitana wotsatira. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Mutu unaima. Ndinatenga buku n'kupita ku wekishopu. Nthawi inali 10:15. M'katimo munali mdima, chifukwa mvula ya Lachitatu inalumpha ndowa n'kulowa m'bokosi la magetsi, zonse zinapsa. Aphunzitsi ndinawapeza pakhomo akuwothera dzuwa, machesi ali pakamwa. Ndinawaonetsa masambawo.

"Ine ndinalemba zimene unachita," anatero. "Ukufuna ndiname?"

Tamvani. Munthu amene ndinamuona ndi maso angawa akumata tepi pa manambala a makina obwereka lero wasanduka mlaliki wa chilungamo. Kunamiza alendo atatu a mabuku m'manja, chikumbumtima chili phee. Kulemba mawu amodzi m'buku la munthu wa gadeni, chikumbumtima chadzuka.

Ndinati chabwino, akusowa ndi masamba asanu ndi anayi. Ndilibe ntchito pano, ndibwera tsiku lililonse, m'mawa mpaka madzulo, mungondiwerengera maolawo ngati masamba. Analoza mdimawo ndi machesi.

"Ndi makina ati?"

Ndinafunsa kuti nanga anzanga Lachitatu akayesedwera pa chiyani. Anati mayeso amakachitikira ku wekishopu ya sukulu ina, chifukwa woyesayo anakana kalekale kulowa muno. Ndiye kuti akudziwa. Onse akudziwa. Munthu wakunja amaopa kuima m'chipinda chimenechi tsiku limodzi, koma ife amatilembetsa kuti tikhalemo miyezi isanu ndi umodzi.

Kwa mkulu wa sukulu anandiuza kuti ali pa mitingi. Ndinakhala pa mpando wachikopa uja kuyambira 10:40. Ndi wofewa, ndisaname. Nthawi ili 12:50 chitseko chinatseguka, mitingi inatuluka: mbale zinayi ndi mafupa a nkhuku. Kumbuyo kwake kunatuluka iwo akutokosa m'mano.

"Malawi, waona mmene maluwa ako aphukira?"

Chipewa sindinavule. Ndinawauza zonse, mwadongosolo, mawu osakweza. Ndinawauza za a Nkhoma, za alamu anga, za chipinda. Ankamvetsera akuyang'ana foni.

"Koma ndani anakukakamiza?" anafunsa. "Unakweza dzanja wekha. Anthu onse anaona."

"Bwana, pa galimoto yanu paja munati mayeso ndilowa."

"Uli ndi pepala limene ndinalemba zimenezo?"

Pepala ndilibe. Ndili ndi matuza amene anasanduka zikang'a, ndili ndi bwalo lonse likuoneka pa windo la ofesi yawo, koma pepala ndilibe. Kwathu mawu a munthu wamkulu sitiwapempherera siginecha, ndipo bambowa ankadziwa zimenezo tsiku limene anafunsa funso lawo lija.

Anati ndisataye mtima, gulu lina liyamba chaka chamawa, ndidzalembetsenso, adzandiganizira. Ndinafunsa ngati chaka chamawacho makina adzakhalapo. Anati ntchito yokonzanso malo imayenda m'magawo. Gawo loyamba linali maonekedwe. Gawo lachiwiri likudikira kotesheni.

Ndinatembenuka kuti ndizipita. Anandiitana.

"Tamvera, Malawi. Popeza wati ulibe ntchito, ife tikufuna munthu wa gadeni. Loweruka lokha, kuthirira ndi kutchetcha. Malo ukuwadziwa kale."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndikulemba izi manyazi akundiotcha. Ndinati zikomo bwana, ndiganizira. Mawuwo anatuluka okha, ngati chifuwa. Munthu wandilanda chaka, wandilanda ntchito ziwiri, akundipatsa khasu langa lomwe ngati mphatso, ine n'kuthokoza. Ndinatuluka pa geti, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndinakwiyira kwambiri iwo kapena ine mwini.

A Nkhoma ndinawaimbira ndili pa renki ya takisi. Ndinawafotokozera zonse.

"Shuwa, achimwene? Masamba okha basi?"

Ndinati masamba okha.

"Eish. Ine dzanja lanu ndikulidziwa, geti ya tchalitchi munawotcherera ndinu. Koma azungu a esiteti sayang'ana geti, akufuna mapepala Lachisanu likubwerali. Mukapanda kukhala nalo ndiika dzina la munthu wina. Ndipo chipinda chija chiyenera kupita kwa iyeyo, chifukwa galimoto imanyamuka pa shedi 5 koloko. Pepani kwambiri."

Sindingawadandaule. Nawonso ali ndi anthu owadyetsa.

Ku Irene ndinafika cha m'ma 3 koloko. Pa geti ndinalemba m'buku la alendo, mlonda amene takhala tikugawana naye chimanga chootcha zaka zonsezi akundifunsa mwa lamulo kuti ndikukaona ndani. Alamu ndinawapeza akudulira mpanda wa maluwa, ndipo akudulira bwino. Ndinawafotokozera. Anaika sizasi pansi n'kulowa m'chipinda. Nditawatsatira ndinapeza akupinda malaya awo atatu n'kumaika m'chikwama.

"Alamu, ntchito iyi ndi yanu," anatero. "Ine ndinangoigwirizira. Ndikauza madamu, ndibwerere kumudzi."

Munthu amene kumudziko alibenso mbuzi, alibe njinga, ndipo sabata yatha yomweyi watumiza uthenga kuti ana abwerere kusukulu. Ndinawalanda chikwamacho n'kuchiika pabedi. Ndinati mukabwerera, mlongo wanga ndikamuuza chiyani? Anayamba kulira, bambo wamkulu wa ana anayi. Ndinatenga chikwama changa. Sindikanatha kugonanso pansi m'chipinda chimenecho iwo akundiyang'ana ngati andibera. Masiku awiriwa ndikugona pabalaza pa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo mkazi wake wayamba kale kufunsa mwaulemu kuti mapulani anga ndi otani.

Ndiye inu eni sukulu, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Mafunso anga ndi ochepa.

Sukulu yophunzitsa kuwotcherera yopanda makina owotcherera mumaitcha chiyani? Malata anapezeka a galimoto, a wekishopu anasowa bwanji? Ngati kutchetcha kapinga si maphunziro, munkandisainiranji m'buku la maphunziro? Ngati ndi maphunziro, bwanji sindikulowa mayeso? Ndipo alendo aja mutawauza kuti ndine munthu wanu wa gadeni, bwanji simunawauze kuti munthu wa gadeniyo ndi amene amakulipirani?

Sindikupempha chifundo, chifundo chanu ndachiona. Ndikufuna chinthu chimodzi. Lachitatu mundiike pa mndandanda. Mum'fotokozere woyesayo zimene munachita, ndi pakamwa panu. Andipatse zitsulo ziwiri ndi makina. Akamenya ndi hamala n'kuthyoka, ndidzachoka ndekha osatsanzika. Ngati mukuti masamba asanu ndi anayi aja ndi ofunikadi, nambala ya mwini pikapu muli nayo. Munabwerekera alendo makina asanu ndi limodzi. Bwerekerani wophunzira amodzi, ndigwire usana ndi usiku mpaka masambawo akwane, ndipo tsiku lina la mayeso mulipeze ndinu Lachisanu lisanafike.

Kwa abale anga amene mukufuna kuchoka m'magadeni ndi m'makhitchini, pitani kusukulu, sindikukuletsani. Koma musanalembetse, dutsani maluwawo osawayang'ana. Lowani m'wekishopu. Auzeni ayatse makina onse inu mukuona. Yang'anani kudenga. Buku lanu muziliwerenga tsiku lomwelo limene lasainidwa, ngakhale aphunzitsi akwinye nkhope. Ndipo musaitane mbale kumudzi pepala lisanafike m'thumba mwanu. Ulemu umene anatiphunzitsa makolo ndi wabwino pakati pa anthu amene amaubweza. Ena amangouona ngati chogwirira.

Bwana mkulu wa sukulu, munati ndiganizire za ntchito ya Loweruka ija. Ndaganizira. Thirirani nokha.

Mawa Lolemba, 8 koloko, mundipeza pa khomo la ofesi yanu buku lili m'manja. Mukati muli pa mitingi, ndidikira. Mukatulukira khomo lakuseri, Lachiwiri mundipezanso. Musadere nkhawa kuti ndichedwa kwina. Ntchito ndilibe, kwanga ndilibe, ndipo nthawi yonseyi mwandipatsa ndinu.